Tsiku lomwe akamwini anandijambula pachifuwa

Nkhaniyi ndikuilemba ndekha chifukwa anzanga Anabanda aifalitsa kale mudzi wonse, ndipo m'kamwa mwawo yanenepa kuposa mmene inalili. Akuti ndinakomoka. Sindinakomoke. Akuti ndinathawa m'chipatala nditavala gauni yokha mpaka pa siteji ya minibasi. Limenelo ndi bodza, ndinangofika pakhomo. Zina zonse zimene mwamvazo n'zoona, ndipo kuli bwino muzimve kwa mwini wake.

Ine ndine mayi wa m'mudzi wina kufupi ndi Chongoni. Ndimalima chimanga ndi mbatatesi, ndipo Lamulungu ndimaimba m'kwaya (mawu achiwiri, ngakhale ena amati ndimaimba onse anayi). Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekha, Matilida. Anakwatiwa ndi aMbewe, mnyamata wofatsa amene amagwira ntchito pachipatala china m'tauni. Ntchito yawo ndi yojambula anthu m'kati mwa thupi, ija timati ekisireyi. Pa ukwati wawo ndinavina mpaka chitenje kumasuka, ndikuuza aliyense kuti mwana wanga wapeza wachipatala. Ndinaiwala kuti walira mvula walira matope.

Tsono ine ndinaleredwa chikale. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sapatsana chinthu pamanja. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Mawu akakhalapo amadutsa mwa munthu wina. Ndikudziwa kuti ambiri anazitaya zimenezi, ndili ndi anzanga amene amakwera njinga yamoto atagwira mkamwini m'chiuno, koma ine ndinkanyadira kuti chikwatirireni mwana wanga, aMbewe anali asanamvepo mawu anga akulunjika kwa iwo. Nawonso ankalemekeza. Akabwera kumudzi ankakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumapereka moni kudzera mwa Matilida.

Chifuwa chinandiyamba m'nyengo yozizira, ija ya chifunga chimene chimatsika m'phiri n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Ndinamwa mandimu, ndinatafuna jinja, ndinafunda bulangete pa poto wa masamba a bulugama mpaka kutuluka ngati mbatata yophika. Chifuwa osasuntha. Masabata anapitapo ndithu ndikutsokomola, moti pa kwaya anandiika kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi zenera.

M'masiku omwewo Matilida anachira, mwana wamwamuna. Koma anachira movutikira, mpaka anachita kumung'amba. Atatuluka m'chipatala anandiimbira foni.

"Amayi, bwerani. Sindikutha ngakhale kudzuka ndekha pabedi."

"Mawa lomwe ndili konko, mwana wanga," ndinatero. Kenako chifuwa chija chinandipereka. Ndinatsokomola mpaka foni kugwera pamphasa. Nditaitola ndinamva mawu achimuna chapatali, akulankhula motsitsa.

"Amayi, bambo a mwana akufunsa kuti chifuwacho chinayamba liti."

"Auze kuti ndi kachimfine chabe."

Mawu aja analankhulanso, ulendo uno motalikirapo.

"Akuti musanabwere kudzanyamula mwana mukayezetse kaye. Makhololo, komanso akujambuleni pachifuwa. Akuti ngati chili chifuwa chachikulu, khanda silingapirire."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ine amene ndinasambitsa theka la ana a m'mudzi muno, lero ndikapemphe chilolezo kwa makina kuti ndinyamule mdzukulu wanga? Ndinatsala pang'ono kunena mawu oipa. Koma Matilida anayamba kulira mwakachetechete, kulira kwa munthu amene akuopa kugwedeza bala. Asewere anga, amayi a aMbewe, anali atafika kale kudzathandiza, koma mwana akamva ululu amafuna amake. Komanso ndinakumbukira azakhali anga amene anapita ndi chifuwa chomwecho, akunena mpaka tsiku lomaliza kuti ndi kachimfine. Ndinachita mantha, ndipo mkwiyo unathera pomwepo.

"Ndipita," ndinatero. Kenako ndinafunsa ngati nkhani yongocheza: "Kodi bambo a mwanawo amapuma tsiku liti, kuti azikuthandizako?"

"Lachinayi. Tsiku limenelo kumakhala anzawo, amayi ena ake."

Basi, nkhani inatha m'mutu mwanga. Ndikajambulitsa Lachinayi, kwa mzimayi mnzanga, mwambo osaphwanyika. Ndinadziyamikira kwambiri chifukwa cha nzeru zimenezi.

Wondiperekeza ndinasankha Anabanda, anzanga oyandikana nawo nyumba, amayi a mawu aakulu amene akanong'ona pachitsime nkhani imamveka kudimba. Tinanyamuka m'mawa kukuzizira koopsa. Ndinavala kamisolo, bulauzi, juzi, juzi inanso, chitenje, mpango, ndi kolona m'khosi. M'kati mwa kamisolo, kumanzere chapamwamba, munali mendulo ya Amayi Maria yomwe ndinaimangirira ndi pini zaka zambiri zapitazo. Ndikachapa kamisoloyo ndimaisamutsira pa ina, kotero kwa ine inali ngati chiwalo cha thupi.

Kuchipatala anandipatsa chophimba pakamwa atangomva kutsokomola kwanga. Adokotala amene anandiona anali amayi aafupi, a magalasi, olankhula mwachangu ngati asiya mphika pamoto. Anandimvetsera pamsana ndi chomvetsera chawo chozizira chija, anandipatsa kabotolo ka makhololo, ndipo nditapereka kabotoloko ananditumiza kojambula. Tinakhala pa benchi pamodzi ndi bambo wina wocheka matabwa m'phiri, amene anali atakoleka mkono m'khosi ndi chingwe cha thumba. Pamwamba pa chitseko panali getsi lofiira, loyaka n'kumazima. Ine mtima unali m'malo, ndikukonza moni woti ndipereke kwa amayi ojambulawo.

Chitseko chitatseguka, anatuluka aMbewe.

Tsoka silinunkha. Tinamva pambuyo pake kuti amayi aja anali atapita kumaliro kwawo, kutali kumpoto, ndipo za tsiku lobwerera panalibe wodziwa. AMbewe atandiona anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana pansi. Anabwerera m'kati n'kutseka chitseko, ngati munthu amene walakwitsa nyumba. Patapita kanthawi anatsegulanso n'kuitana bambo wa matabwa uja ndi mawu osamveka bwino.

Ndinanyamuka. "Tiyeni tizipita, Anabanda."

"Tizipita kuti?"

"Kumudzi. Tidzabwera amayi aja akabwera."

"Abwera liti? Mwana adzakhala atamera mano." Anandikoka chitenje n'kundikhazika pansi. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mnzanga. Wofuna mdzukulu ndinu, si ine."

Ndinaganiza za Matilida, kuti mwina nthawi yomweyo akuyesa kudzuka atagwira khoma. Nyumba yawo inali pafupi, munthu ukhoza kuyenda wapansi. Ndiye ndinatsimikiza zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndijambulidwa lero lomwe, ndipo mwambo suphwanyika. Anthu anzeru amasankhapo chimodzi, koma ine ndinafuna zonse.

"Mulowa nane," ndinawauza Anabanda. "Mawu onse azidutsa mwa inu."

Nkhope yawo inawala. Ntchito yonyamula mawu ndi imene anabadwira.

Chipinda chojambuliramo chinali chozizira kuposa kunja. Pakati panali bedi lolimba, pamwamba pake chimakina cholendewera, kukhoma kuli bolodi loimirira, ndipo pakona panali kampanda kokhala ndi zenera la galasi, kuseri kwake kuli kompyuta. AMbewe anaima atayang'ana khoma lakumanja, ine lakumanzere, Anabanda pakati. Tinali moyandikana moti ndinkamva ngakhale kupuma kwawo. Makutu anga ali bwinobwino, koma mawu a mkamwini salowa m'khutu la mpongozi asanadutse mwa wina.

"Anabanda, apatseni moni amayi."

"Akuti muli bwanji."

"Auzeni kuti ndili bwino, kaya iwo ndi odwala kunyumba."

"Akuti ali bwino, kaya inu."

Moni unayenda bwino kwambiri, ndipo ndinayamba kuona kuti zitheka. Kenako aMbewe anakhosomola ngakhale analibe chifuwa.

"Pepani, Anabanda, ndi lamulo la ntchito, timafunsa amayi onse. Kuwala kwa makinawa sikufunika kwa mwana wosabadwa. Ndiye afunseni amayi ngati... ngati mwina ali oyembekezera."

Anabanda anaseka mpaka kugwira bedi. Atapezako mpweya anatembenukira kwa ine n'kufuula ngati ndili kutsidya kwa dambo: "Akuti kodi muli ndi pakati?"

Ndikukhulupirira kuti pa benchi panja anamva onse.

"Auzeni kuti munda umenewo tinasiya kulima kalekale."

Zitatha izo kunabwera za zovala. Akuti ndipite kuseri kwa katani, ndivule zonse zakumtunda, ndichotse kolona, ndolo ndi chilichonse chachitsulo, ndivale gauni ya chipatala. Ndinavula mpango, juzi, juzi inayo, bulauzi. Kolona ndinaipsompsona n'kuiika pa mpando. Kenako ndinaiona gauniyo. Amene anaisoka analibe apongozi. Ndi yotseguka kumbuyo kuyambira m'khosi mpaka m'munsi, yomanga ndi tizingwe, ndipo kachingwe kamodzi kanali kataduka. Ndinaganiza kuti ine, mayi wa Matilida, ndikaime pamaso pa mkamwini msana uli pamtunda? Kamisolo ndinaisiya m'thupi, gauni pamwamba.

Za mendulo ndinakumbukira, musaganize kuti ndinaiwala. Koma ndinati ili m'kati mwa kamisolo, kamisolo ili m'kati mwa gauni, adzaiona ndani? (Inde, ndikudziwa. Makina oona nthiti kudutsa mnofu ndinkafuna kuwabisira chitsulo ndi kansalu ka kaunjika. Nzeru zimenezi zinandibwerera mochedwa.) Komanso pa tsiku ngati limeneli, kodi ndi pomwe munthu ungawasiye Amayi Maria pa mpando?

Kaimidwe kake kali ndi malamulo. Chifuwa uchigunditse pa bolodi, chibwano uchikweze, manja m'chiuno, zigongono uzikankhire kutsogolo kuti mafupa a mapewa achoke panjira. Masiku onse aMbewe amamukonza munthu ndi manja awo, koma ine sakanandikhudza, ndiye ankalamula Anabanda.

"Akankhireni phewa lamanja kutsogolo pang'ono. Ayi, lamanja lawo. Mwapyoza. Abwezeni."

Anabanda ankandipinda ngati akukonza nkhuku yoti alowetse mumphika waung'ono. Chimene chinanditonthoza n'chakuti pojambula pachifuwa munthu umafulatira makina ndi wojambula yemwe. Ndinati mwina amene anapanga makinawa anali ndi ulemu pang'ono kusiyana ndi wosoka gauni uja.

Ndiye aMbewe anafotokoza, kudzera mwa Anabanda, kuti pojambula ndiyenera kukoka mpweya wambiri n'kuugwira, osapuma, osagwedezeka, kuti mapapo atambasuke ndipo chithunzi chisachite chimbuuzi. Anati ndi kanthawi kochepa chabe. Anabanda sakanaima pafupi nane chifukwa cha kuwala kuja, ndiye analowa nawo kuseri kwa kampanda, n'kumasuzumira pazenera.

"Auzeni akoke mpweya, augwire."

"Akuti mukoke mpweya, muugwire."

Tsono munthu woleredwa bwino akalandira uthenga wa mkamwini amayankha. Ndinapinda mawondo pang'ono mwaulemu n'kunena kuti, "Auzeni kuti zikomo, ndamva."

Kenako ndinamva aMbewe akunena mofatsa kuti sanajambule, chifukwa amayi anatsika ndiponso analankhula. Anatumanso Anabanda kudzandikonza mapewa, ndi uthenga wakuti ulendo uno ndisayankhe, iwo sakhumudwa.

Ulendo wachiwiri ndinatsimikiza kuti ndikhala ngati mtengo. Mawu atangotuluka mwa aMbewe ndinakoka mpweya wonse wa m'chipindamo (ndinaiwala kuti sindiyenera kuwamva). Koma Anabanda anaona kuti uthenga wouma choncho sukoma, anayamba kuuthira mchere.

"Akuti mukoke mpweya, mnzanga, koma mukoke wambiri, osati kamene munakoka poyamba kaja, mukoke ngati mmene mumachitira pa nyimbo ija ya pa Pasaka imene mumatitsekera nayo makutu, ndiye mukakoka muugwire, musayankhe, mwamva? Musayankhe ndithu, chifukwa mukayankha..."

AMbewe, mwa ulemu wawo, ankadikira kuti uthenga ufike kaye asanadinde batani. Ine maso anayamba kuchita mdima. Pamene Anabanda ankafika kumapeto, chifuwa chinaphulika, ndipo ndinatsokomola mpaka bolodi kugwedezeka. Sanajambulenso.

Kachitatu anagwirizana kuti Anabanda anene liwu limodzi lokha. "Gwirani." Ndinagwira. Makina analira kamodzi, kulira kwakufupi. "Akuti pumani." Ndinapuma, ndikumwetulira bolodi. Ndinali nditapambana, chithunzi chatengedwa ndipo mwambo uli chilili.

Koma kuseri kuja ndinangomva mapazi, chitseko chikutseguka n'kutsekeka. AMbewe anali atatuluka osasiya mawu.

"Anabanda, kwachitika chiyani?"

Sanayankhe msanga, chinthu chimene sichinachitikepo chiwadziwireni. Anali atasuzumira pa kompyuta.

"Mnzanga," anatero motsitsa, "nthiti zanu ndikuziona zonse. Koma pali chinthu china. Choyera mbee, chonga dzira la njiwa, pamwamba pa mtima."

"Mbali inayo chiliponso?"

"Kulibe. Ndipo akamwini atachiona anagwira pakamwa."

M'maganizo ndinaona azakhali anga aja ali gone pamphasa. Ndinaganiza kuti aMbewe apita kukaitana anthu oti andigoneke ku wodi ya achifuwa, ndipo mwana uja ndidzangomumva pafoni akulira. Chimene chinandiwawa kwambiri si imfa, koma kuti Matilida wandiitana ndipo sindifika. Ndiye ndinaganiza zopita pompo, asanabwere, kuti ndikangoima pazenera la nyumba yawo, ndimuone mwanayo kudzera pagalasi, kenako ndibwerere adzandigoneke. Za majuzi sindinaziganize n'komwe. Ndinalunjika kuchitseko n'kuchitsegula.

Apa ndi pamene Anabanda amati ndinathawa. Pakhomo ndinagundana ndi adokotala a magalasi aja, kumbuyo kwawo kuli aMbewe, kumbuyo kwa aMbewe kuli benchi yodzaza anthu, onse akuyang'ana mayi wovala gauni yachingwe chimodzi. Ndinabwerera chafutambuyo, popeza kutembenuka kukanaonjezera nkhani.

Adokotala ananditengera kuseri kwa kampanda, n'kundiimika kutsogolo kwa kompyuta. AMbewe anakaima pakona atayang'ana khoma.

"Amayi, ichi ndi chifuwa chanu. Zakudazi ndi mapapo, amaoneka akuda chifukwa muli mpweya. Zoyerazi ndi mafupa. Ichi chachikulu chapakatichi ndi mtima, musachiope, aliyense ali nacho." Analoza ndi cholembera. "Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndiuzeni ndinu, adokotala. Ndine wokonzeka."

Anakulitsa chithunzicho. Dzira la njiwa lija linakula, ndipo pamwamba pake panaoneka kanthu kena kotalika, kopindika kumapeto, kokhala ndi kamutu. Ndinakazindikira ndisanafune kukazindikira. Inali pini yanga, yopindika pang'ono pomwe ndinailuma tsiku lina itakana kutseka.

"Mwavala chiyani m'kati mwa gauni?"

Ndinayankha motsitsa kwambiri moti anandibwerezetsa.

"AMbewe anachidziwa atangochiona," anatero adokotala. "Koma akuti pakamwa pawo sipangatchule chovala cham'kati cha apongozi awo, ngakhale kudzera mwa munthu. Ndiye athamangira ine, ndasiya odwala pamzere." Anavula magalasi n'kutiyang'ana tonse awiri, wina pakona iyi wina pakona iyo. "Mwambo ndimaudziwa, nanenso ndili ndi apongozi. Koma taonani pomwe yakhala mendulo yanuyi. Chifuwa chachikulu chimakonda kubisala pamwamba pomwepa. Chitsulo sichilola kuwala kudutsa, ndiye kuseri kwake sindikuona kanthu. Chithunzi ichi sindingachiwerenge, ndipo sindingakuuzeni kuti mukanyamule khanda."

Anabanda anali atakhala pa bedi, akupukuta misozi ya kuseka ndi chitenje.

"Tijambulanso kamodzi," anapitiriza adokotala. "Kuwalaku n'kochepa, koma sitimuthira munthu mobwerezabwereza popanda chifukwa. Ulendo uno chituluke bwino. Manyazi anapha lambe, amayi."

"Adokotala, bwanji mawuwo muzinena ndinu?"

"Ine ndili ndi mzere." Anavala magalasi n'kutuluka.

Ndinabwerera kuseri kwa katani. Ndinavula kamisolo, ndinamasula mendulo n'kuipereka m'manja mwa Anabanda, amene anandigwirizira gauni kumbuyo mpaka titafika pa bolodi. Ndinaika chibwano, manja m'chiuno, zigongono kutsogolo, ulendo uno popanda wondipinda. Bolodi linali lozizira. Ndinamva Anabanda akukonza kukhosi kuseri kwa kampanda, kukonzekera ntchito yawo, ndipo ndinadziwa kuti akatsegula pakamwa chilichonse chikhoza kuchitika. Chithunzi chinatsala chimodzi, ndipo mwana wanga ankandidikira.

"Anabanda, khalani chete," ndinatero. Kenako, nkhope ili pa bolodi, ndinati, "AMbewe, nenani nokha. Ndikumva."

Mawu awo atabwera anali onjenjemera ngati a mwana woyamba kuwerenga m'tchalitchi.

"Zikomo, amayi. Kokani mpweya. Gwirani."

Makina analira.

"Pumani, amayi. Tamaliza."

Basi. Chinthu chimene chinatidyera m'mawa wonse chinatha msanga kuposa kuthira mchere m'ndiwo. Ndipo popeza pakamwa panali patatseguka kale, nditavala majuzi anga ndinafunsa, ndikuyang'ana chitseko, "Mwaonamo chiyani?"

"Chithunzi chatuluka bwino, amayi. Koma kuwerenga si kwanga, ndi kwa adokotala. Ndachitumiza kale pa kompyuta yawo."

Ndinati mumtima, mwana uyu ndamulankhula koyamba chikwatirireni, ndipo akundiyankha za malamulo a ntchito. Koma ndinamulemekeza chifukwa cha zomwezo.

Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali, akufanizira mbali yamanja ndi yamanzere, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo, chifukwa chithunzicho kwa ine chinali ngati dengu losweka. Pomaliza anati pamwamba paja pali bwino, palibe mabowo kapena mitambo yoyera imene amaiopa. Koma anati chithunzi pachokha sichimaliza mlandu, tidikire makhololo, zotsatira zake zituluka mawa. Anandifunsa kumene ndimaphikira. Nditawauza za khitchini yanga yopanda zenera, ya nkhuni zapaini zosauma bwino, anapukusa mutu n'kunena kuti utsi umenewo ndiwo ukudyetsa chifuwachi.

Tinagona kwa mphwake wa Anabanda m'tauni momwemo. Nyumba ya Matilida ndinkaiona denga lake kuchokera pakhonde, koma sindinapiteko. M'mawa mwake adokotala anandiuza kuti m'makhololo simunapezeke chifuwa chachikulu. Anandipatsa mankhwala, n'kundilamula kuti ndizisamba m'manja ndi kuvala chophimba pakamwa ndikakhala ndi mwana mpaka kutsokomola kutachepa, ndipo chifuwa chikapitirira ndibwerenso. Ndinavomera zonse. Akanati ndizinyamula mwanayo nditaima ndi mwendo umodzi, ndikanavomeranso.

Matilida ndinamupeza atakhala pabedi, wotuwa, maso atalowa m'kati. Atandiona anangotambasula manja ngati mmene ankachitira ali wamng'ono. Asewere anga anandipatsa mwana. Anali wopepuka, wofunda, akununkhira mkaka, ndipo anandiyang'ana ndi diso limodzi ngati akufunsa chimene ndachedwera. Ndinalira m'chophimba pakamwa changa mpaka chinanyowa. Ndinamutenthetsera madzi Matilida, ndinamusambitsa, ndinamuphikira phala, ndipo masana omwewo anagona tulo tofa nato, mutu uli pamwendo panga, mwana ali m'manja mwanga.

Ndili chikhalire choncho ndinamva njinga yamoto ikuima panja. AMbewe anali ataweruka. Thupi langa linadziwa lokha zoyenera kuchita, kunyamuka n'kutulukira khomo lakuseri. Koma ndikanasuntha mwendo ndikanadzutsa mwana wanga, amene asewere anati sanagone bwino chichokereni kuchipatala. Ndiye ndinakhala pomwepo. AMbewe anafika pakhomo la chipinda, anaona mmene tinalili, ndipo anayamba kubwerera chafutambuyo.

"Mwaswera bwanji, bambo a mwana?" ndinatero monong'ona.

Anaima. Anayankha akuyang'ana nsapato zawo, nawonso monong'ona, kuti aswera bwino, kaya amayi. Kenako anapita kukatenga pilo n'kumuika pansi pafupi ndi ine, osati pamanja, kuti nditsamire msana.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinena kuti pang'ono. Moni timapatsana tsopano popanda mkhalapakati, iwo akuyang'ana pansi, ine ndikuyang'ana mdzukulu, ndipo Anabanda akudandaula kuti ndinawachotsa ntchito. Matilida waona kuti njira yatseguka, ndiye wayamba kunena kuti tsiku lina tidzadyere pa tebulo limodzi tonse. Ndamuuza kuti asathamange. Moni unafuna chifuwa cha masabata, tsono za kudya pamodzi adikire kaye ndithyoke mwendo.